Chichewa cha ku Nkhotakota m'Mabuku a Akatswiri: Kuunika Ntchito ya Dr Sam Mchombo

1. Mawu Oyamba

M'chaka changa choyamba cha maphunziro a ukachenjede kunja, mphunzitsi wina amene sadapondepo m'Malawi adalemba chiganizo cha Chichewa pabolodi, naika timizere pamwamba pa malembo ena posonyeza pamene liwu likukwera. Atatero adacheukira kwa ine monga mwini chiyankhulo, nandipempha kuti ndifotokozere anzanga chifukwa chimene mneni wa m'chiganizocho amamvekera mwina akakhala ndi kaphatikizo kena m'kati mwake, ndi mwinanso kaphatikizoko kakachotsedwa. Ndidatchula chiganizocho kawiri, kusiyanako ndidakumva ndi makutu anga, koma chifukwa chake ndidalibe. Yankho lidali m'nkhani imene Mmalawi mnzanga, Dr Sam Mchombo, adalemba pamodzi ndi Joan Bresnan mu 1987. Anzanga a m'maiko ena adali ataiwerenga kale. Ine, amene ndidakhoza Chichewa m'mayeso onse a kusekondale, ndidali ndisanamvepo kuti nkhaniyo iliko.

Manyazi a tsiku limenelo ndiwo andilembetsa pepala lino. Chichewa ndi chimodzi mwa ziyankhulo za Chibantu zimene zimatchulidwa kawirikawiri m'mabuku a sayansi ya kalumikizidwe ka mawu, ndipo mbali yaikulu ya mbiri imeneyi idadzera mwa a Mchombo. M'ndime zotsatirazi tiona zimene adapeza ndi pamene mfundo zawo zikufooka. Tifunsanso chifukwa chimene nzeruzo sizidamfikire mphunzitsi wa Chichewa wa ku Linga kapena ku Dwangwa. Kuti funso lotsirizali limveke bwino, tiyerekeza a Mchombo ndi katswiri wa Chiurdu, Maulvi Abdul Haq, amene adatenga njira ina.

2. Munthuyo ndi Kwawo kwa Chiyankhulo Chake

Chichewa chimene a Mchombo amayankhula, chimenenso chili m'zolemba zawo ndi za anzawo amene adawagwiritsa ntchito monga mboni ya chiyankhulo, ndi cha ku Nkhotakota. Malowa ali ndi mbiri yawoyawo. Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika kumeneko cha m'ma 1840, nasandutsa dokolo msika wa minyanga ndi akapolo. David Livingstone adafikako mu 1861 ndi mu 1863. Harry Johnston adachita pangano ndi Jumbe mu 1889, ndipo mu 1894 Jumbe wotsiriza adachotsedwa pampando, chaka chomwecho amishoni a UMCA adayamba ntchito yawo pamalopo. Motero kwa zaka zoposa zana Chichewa cha m'mbali mwa nyanja imeneyi chakhala moyandikana ndi Chiswahili, ndipo mawu monga mzikiti, ngalawa ndi chombo amapezeka m'ziyankhulo zonse ziwiri.

A Mchombo adatenga digiri yawo ya udokotala mu 1978 ku School of Oriental and African Studies, ku Yunivesite ya London. Kafukufuku wawo adakhudza Chichewa ndi Chiswahili, ndipo funso lake lidali lakuti: kodi malamulo amene amapanga mawu kuchokera ku mawu anzawo ndi omwewo amene amalumikiza mawu kukhala chiganizo? Funsoli lidali pakamwa pa akatswiri ambiri kuyambira pamene Noam Chomsky adalidzutsa mu 1970. Ntchito yonse ya a Mchombo ya m'zaka zotsatira tingaione ngati kuyankha funso limodzi lomweli, ndipo yankho lawo silidasinthe: liwu limamangidwa ndi malamulo ake, chiganizo ndi malamulo akenso.

Atabwerako ku London adaphunzitsa ku Chancellor College, ku Zomba, m'dipatimenti ya Chichewa ndi sayansi ya ziyankhulo. Idali nthawi imene Chichewa chidali ndi mwini wake. Msonkhano wa Malawi Congress Party wa mu 1968 udasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa, nuchikweza kukhala chiyankhulo cha fuko. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo malamulo ake a kalembedwe adatuluka mu 1973, mu 1980 ndi mu 1990. Dr H. Kamuzu Banda, amene ali wophunzira ku Chicago adathandiza Mark Hanna Watkins kulemba A Grammar of Chichewa ya mu 1937, ankadziona ngati woweruza wa Chichewa cholondola. Katswiri amene ntchito yake ndi kufotokoza mmene anthu amayankhulira adali ndi malo ochepa pamene boma lidali kulamula mmene anthu ayenera kuyankhulira. M'zaka za m'ma 1980 a Mchombo adapita ku America, kumene adagwira ntchito ndi akatswiri a ku Stanford, ndipo pambuyo pake adakhazikika ku Yunivesite ya California ku Berkeley, kumene adaphunzitsa sayansi ya ziyankhulo, Chiswahili ndi Chichewa. Tisaiwale kuti chaka cha 1987, pamene nkhani yawo yotchuka idatuluka m'magazini ya Language, ndicho chaka chimene Jack Mapanje, katswiri mnzawo wa ziyankhulo wa ku Chancellor College, adamangidwa, nakhala ku Mikuyu mpaka 1991.

Buku limene lidasonkhanitsa mfundo zawo ndi The Syntax of Chichewa, limene lidasindikizidwa ku Cambridge mu 2004. Adalembanso nkhani za ndale za chiyankhulo ndi za chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu za mu Afirika, koma pepala lino likhala pa galamala.

3. Mgwirizanitsi Kapena Mlowam'malo?

Taonani ziganizo ziwiri izi, zimene tapeka tokha monga zitsanzo zina zonse za m'pepala lino:

(1) Asodzi adagula ukonde.
(2) Asodzi adaugula ukonde.

Galamala ya kusukulu imatiphunzitsa kuti a- wa kumayambiriro kwa mneni ndi mgwirizanitsi wa mwininkhani, ndipo -u- wa m'chitsanzo (2) ndi mgwirizanitsi wa pamtherankhani. Onse awiri timawapatsa dzina limodzi. A Bresnan ndi a Mchombo, potsata chiphunzitso cha Lexical Functional Grammar, adati awiriwa sali ofanana. Iwo adati -u- ndi mlowam'malo weniweni amene adalowa m'kati mwa mneni. Iyeyo ndiye pamtherankhani wa chiganizo (2), ndipo dzina lakuti ukonde langoima pambali monga mutu wa zimene zikukambidwa. Koma a- amagwira ntchito ziwiri: nthawi zina amangogwirizanitsa mneni ndi dzina, nthawi zina amaima yekha ngati mlowam'malo.

Umboni woyamba ndi kasanjidwe ka mawu. Popanda -u-, dzina lakuti ukonde liyenera kutsatana ndi mneni: tinganene kuti "Asodzi adagula ukonde" kapena "Adagula ukonde asodzi", basi. Tikaikamo -u-, mawu atatuwa angathe kusanjidwa m'njira zonse zisanu ndi imodzi: "Ukonde asodzi adaugula", "Adaugula asodzi ukonde", "Asodzi ukonde adaugula", ndi zina zotsalazo. Dzinalo lamasuka chifukwa ntchito yake yagwiridwa kale m'kati mwa mneni.

Umboni wachiwiri ndi wa kamvekedwe, ndipo ndi umene udandigonjetsa pabolodi paja. M'Chichewa, gulu la mawu likamatha, phatikizo lotsatana ndi lomaliza limatalika, ndipo liwu lokwera la kumapeto limabwerera m'mbuyo. Awiriwa adasonyeza kuti mneni wokhala ndi kaphatikizo ka pamtherankhani amamveka ngati gulu la mawu lathera pa iye, ngakhale dzina likumtsatira. Khutu limatiuza kuti dzinalo lili kunja.

Umboni wachitatu ndi wa mafunso. Kanyenyezi kakusonyeza chiganizo chosamveka:

(3) Kodi asodzi adagula chiyani?
(4) *Kodi asodzi adachigula chiyani?

Chinthu chimene ukuchifunsa sichingakhale mutu wodziwika kale, n'chifukwa chake (4) sichimveka.

Mfundo imeneyi ili ndi phindu kwa ife opanga mawu a galamala. Dzina lathu lakuti mwininkhani limasokoneza zinthu ziwiri. M'chiganizo chakuti "Ukonde asodzi adaugula", nkhani ndi ya ukonde, koma amene galamala imamutcha mwininkhani ndi asodzi. Mwana wa Fomu 2 akayankha kuti mwininkhani ndi ukonde timamulemba kuti walakwa, pamene iye wamva bwino Chichewa chake, ndipo cholakwa chili m'dzina limene tidampatsa. Tikufunika mayina awiri, lina la dzina limene mneni amagwirizana nalo kumayambiriro, lina la mutu wa zokambidwa.

Komabe chiphunzitsochi chili ndi pobowoka. Pamtherankhani akakhala munthu, Achewa ambiri amaika kaphatikizoko ngakhale dzinalo lisali mutu wodziwika kale. "Ndamuona mwana wina kudoko" ndi Chichewa chabwino, ndipo funso lakuti "Kodi mukumufuna ndani?" timalimva tsiku ndi tsiku, ngakhale lidamangidwa ngati (4). Laura Downing adaifotokoza nkhani imeneyi mu 2018, nasonyeza kuti umunthu wa pamtherankhani uli ndi mphamvu pa kaphatikizoka. M'Chiswahili kuika kaphatikizo kotere pa munthu ndi chizolowezi chokhazikika. Maganizo athu ndi akuti a Bresnan ndi a Mchombo adalondola pa zinthu zopanda moyo, koma pa anthu Chichewa chili pa ulendo wochoka ku mlowam'malo kupita ku mgwirizanitsi, ndipo lamulo limodzi silingakwanire mbali zonse ziwiri.

4. Misintho ya Mneni

Gawo lina lalikulu la ntchito ya a Mchombo ndi la timaphatikizo timene timalowa pakati pa muzu wa mneni ndi lembo lomaliza. Kuchokera ku koka timapeza koketsa, kokera, kokana ndi kokedwa. Kuchokera ku phika timapeza phikitsa, phikira ndi phikidwa, pakuti muzu wokhala ndi e kapena o umakoka -ets-, -er- ndi -edw-, pamene mizu ina imatenga -its-, -ir- ndi -idw-. Izi mwana wa sukulu amazidziwa. Zimene mabuku a sukulu sanena ndi dongosolo la timaphatikizoti tikakumana. Larry Hyman ndi a Mchombo adasonyeza mu 1992 kuti timakonda kutsatana motere: wochititsa, wochitira, wochitirana, wochitidwa. Timati koketsera ndi phikitsira, ndipo dongosololi limaumirira ngakhale pamene tanthauzo likadafuna kuti wochitira atsogole. Adaonanso kuti -an- akatsogolera -ir- amabwerezedwa, monga timamvera m'mawu akuti "akukanganirana doko". Apa pali umboni wa mfundo yawo yaikulu ija: liwu lili ndi malamulo ake amene sasamala za chiganizo.

Pa msintho wochitira, a Mchombo ndi Alex Alsina adalemba mu 1990 ndi mu 1993 poyankha Mark Baker, amene mu 1988 adagwiritsa ntchito Chichewa pomanga chiphunzitso chake. Taonani:

(5) Amayi adaphikira alendo chambo.
(6) Alendo adaphikiridwa chambo.
(7) *Chambo chidaphikiridwa alendo.

Mneni wa mu (5) ali ndi apamtherankhani awiri, koma sali olingana. Wochitiridwa yekha, alendo, ndiye amene angakhale mwininkhani wa msintho wochitidwa, ndipo ndiye amene amatsatana ndi mneni. A Bresnan ndi Lioba Moshi adasonyeza mu 1990 kuti Chichaga cha ku Tanzania chimalola onse awiri. Kuyambira pamenepo akatswiri amagawa ziyankhulo za Chibantu m'magulu awiri, ndipo Chichewa ndicho chitsanzo chimene amatchula cha gulu losalinganiza.

Gawo limene ife timalisirira koposa ndi kusiyanitsa kwawo -dzi- ndi -an-. M'Chingerezi mawu osonyeza kudzichitira ndi osonyeza kuchitirana onse ndi alowam'malo, motero wophunzira galamala kudzera m'Chingerezi amaganiza kuti m'Chichewa zilinso choncho. A Mchombo adasonyeza kuti -dzi- amakhala pamalo a kaphatikizo ka pamtherankhani, pamene -an- amapanga mneni watsopano. N'chifukwa chake tili ndi mayina monga mgwirizano, mkangano, msonkhano ndi chikondano, koma -dzi- amangolowa m'mayina a mtundu wa kudzikonda. M'nkhani ya mu 1994 imene adalemba ndi Mary Dalrymple ndi Stanley Peters muli umboni wina wa tanthauzo:

(8) Amalonda amadzikhulupirira kuposa alimi.
(9) Amalonda amakhulupirirana kuposa alimi.

Chiganizo (8) chingamveke patatu: kuposa mmene alimi amadzikhulupirira, kuposa mmene alimi amawakhulupirira amalondawo, kapena kuposa mmene amalondawo amakhulupirira alimi. Chiganizo (9) chili ndi tanthauzo limodzi lokha: kuposa mmene alimi amakhulupirirana. Owerenga ayese okha. Pano a Mchombo adalola Chichewa kuti chitsutse zimene Chingerezi chidaphunzitsa akatswiri, ndipo ndi pamene ntchito yawo ili yolimba kwambiri.

5. Zokhudza Kalembedwe

Mu 1995 a Bresnan ndi a Mchombo adaunika aphatikiram'mbuyo a magulu a mayina. Adapeza kuti ambiri, monga chi- wa chingwe kapena mi- wa mitengo, ndi ziwalo za liwu zimene chiganizo sichingazipatule, koma pa, ku ndi mu osonyeza malo ali ndi ufulu wina. Tingathe kunena "kudoko lathu" kapena "kudoko kwathu": mfotokozi angagwirizane ndi doko, kapena ndi ku. Ufulu wotere chi- alibe. Aliyense amene adakonzapo zolemba za Chichewa akudziwa mkangano wa panyanja ndi pa nyanja, umene malamulo a kalembedwe adauthetsa papepala koma olemba sadaugonjere. Kafukufukuyu akutiuza gwero la vutolo: timawuti tili pakati pa kukhala liwu ndi kukhala chiwalo cha liwu. Komiti ya kalembedwe ingasankhe njira imene ifuna, koma isankhe ikudziwa chimene ikuweruza.

Chimodzimodzi kamvekedwe. Kalembedwe kathu sikasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, ndipo "ndinagula" ndi nthawi ziwiri zosiyana malinga ndi pamene liwu lakwera. Mabuku a sukulu a nthawi ya Chichewa Board ankalimbikitsa -da- pa nthawi yakale, monga tachitira m'pepala lino, ndipo zimenezi zidabisa vutolo popanda kulifotokoza. Sitikunena kuti timizere tilowe m'nyuzipepala. Tikunena kuti mphunzitsi ayenera kudziwa chimene kalembedwe kadasiya.

6. Nyama za m'Zitsanzo

A Mchombo sadatchuke ndi ndakatulo kapena nthano, koma zolemba zawo zili ndi kakomedwe kamene wowerenga amakazindikira msanga. M'zitsanzo zawo mumadzaza anyani, mikango, afisi, akalulu, njuchi ndi alenje, ndipo nyamazo zimaphika, zimalemba, zimanamizana ngati anthu. Mlendo amaziona ngati nthabwala. Mchewa amazindikira bwalo la nthano za madzulo. Palinso nzeru ya ntchito: mayina a nyama ali m'magulu osiyanasiyana, nyani kwina, mkango kwina, njovu kwina, kotero kuti wowerenga wosadziwa Chichewa amaona msanga kuti kaphatikizo aka kakuloza dzina liti.

Koma luso lomweli lili ndi mtengo wake. Taona mu gawo 3 kuti chiphunzitso cha mu 1987 chimafooka pamene pamtherankhani ali munthu. Chitsanzo chimene fisi akuchita zaumunthu chimafafaniza malire a munthu ndi chinthu, malire amene galamala ya Chichewa imawasamala. Tikuganiza kuti nyamazi zidathandiza kubisa pobowoka paja. Chachiwiri, zitsanzozi ndi zopeka, ndipo woweruza ngati zikumveka kapena ayi kawirikawiri ndi wolemba yemweyo. Umu ndi mmene akatswiri ambiri a nthawi imeneyo ankagwirira ntchito, ndipo khutu la a Mchombo ndi lakuthwa. Komabe khutu limodzi si mudzi. Ine ndikapereka chiganizo (7) kwa ophunzira anga, ambiri amachikana, koma sipalephera kupezeka wina wochilola. Chichewa cha Samuel Nthara, cha John Gwengwe, cha Willie Zingani, cha nyuzipepala ya Boma Lathu, cha pawailesi ndi cha amayi ogulitsa mpunga pamsika chikadayenera kuitanidwa kudzachitira umboni.

7. Chichewa cha Yani?

Zotsatira zake n'zakuti dziko lapansi limadziwa Chichewa kudzera m'milomo yowerengeka. Buku la Watkins la mu 1937 ndi Chichewa cha ku Kasungu cha Kamuzu Banda. Nkhani ya a Bresnan ndi Jonni Kanerva ya mu 1989, yofotokoza ziganizo za mtundu wa "Kudoko kudafika ngalawa", ndi buku la Kanerva la mu 1990 la kamvekedwe, zidatsamira pa Chichewa cha ku Nkhotakota cha a Mchombo. Zolemba za Al Mtenje, kuphatikizapo The Phonology of Chichewa imene adalemba ndi a Downing mu 2017, zimatsamira pa cha ku Ntcheu, ndipo olembawo amanena poyera kuti kamvekedwe ka madera awiriwa kamasiyana. Wowerenga wa kunja akaona dzina lakuti Chichewa pachikuto amayesa kuti ndi chimodzi kuyambira ku Chipata mpaka ku Nsanje, ku Tete ndi ku Niassa.

Pali chodabwitsa apa chimene okonza ndondomeko ya ziyankhulo ayenera kuchilingalira. Pamene boma lidali kukweza Chichewa cha kumtunda ngati muyeso wa fuko, mabuku a akatswiri adali kukweza cha kunyanja ngati muyeso wa sayansi, ndipo miyeso iwiriyi sidakumanepo pa tebulo limodzi. Palibe mwa iwiriyi umene udachokera m'kafukufuku wa madera onse.

8. Phunziro la Chiurdu

Maulvi Abdul Haq adabadwa mu 1870 ku Hapur, ku India, naphunzira ku Aligarh. Mu 1912 adakhala mlembi wa bungwe lotukula Chiurdu la Anjuman Taraqqi-e-Urdu, ndipo adalitumikira mpaka imfa yake ku Karachi mu 1961. Galamala yake, Qawaid-e-Urdu, idatuluka mu 1914, ndipo idalembedwa m'Chiurdu momwemo. Adafukula ndi kusindikiza zolemba zakale za Chiurdu cha ku Deccan. Adaphunzitsa pa Yunivesite ya Osmania ku Hyderabad, imene idakhazikitsidwa mu 1918 kuti maphunziro ake aziperekedwa m'Chiurdu, mothandizidwa ndi ofesi yomasulira mabuku imene idatsegulidwa mu 1917. Mtanthauziramawu wake wa Chingerezi ndi Chiurdu adatuluka mu 1937, chaka chomwecho chimene Watkins adasindikiza galamala ya Chichewa m'Chingerezi ku America. Atasamukira ku Pakistan adayambitsa Urdu College ku Karachi mu 1949. Anthu a kwawo amamutcha Baba-e-Urdu, ndiye kuti tate wa Chiurdu.

Kusiyana kwa anthu awiriwa n'koonekeratu. Abdul Haq adalembera eni chiyankhulo, ndipo mphunzitsi wa Chiurdu wa m'tauni yaing'ono adatha kugula galamala yake ndi kuiwerenga. A Mchombo adalembera akatswiri anzawo m'Chingerezi, m'magazini amene laibulale ya sukulu ya aphunzitsi kwathu kuno siingawakwanitse. Chichewa chidalowa m'mikangano yaikulu ya sayansi, koma sayansiyo sidalowe m'Chichewa.

Tisafulumire kuweruza. Abdul Haq adali ndi chuma cha Nizam wa ku Hyderabad pambuyo pake, ndiponso chiyankhulo chimene chidali ndi mabuku a zaka mazana. Ngakhale zidali choncho, Hyderabad italowetsedwa m'dziko la India mu 1948, Osmania idasiya Chiurdu n'kutenga Chingerezi. Ntchito yotsamira pa wolamula mmodzi imagwa naye, monga Chichewa Board idathera ulamuliro wa Kamuzu utatha, mpaka Centre for Language Studies idalowa m'malo mwake mu 1996. Chinanso, Abdul Haq adali m'gulu la amene adaumirira kuti Chiurdu chokha chikhale chiyankhulo cha Pakistan, dziko limene anthu ake ochuluka ankayankhula Chibengali. Muhammad Ali Jinnah adalengeza mfundo imeneyi ku Dhaka mu 1948. Pa 21 February 1952 apolisi adapha anthu amene ankachita zionetsero zofuna Chibengali, ndipo mkwiyo umenewu udali umodzi mwa mizu ya kupatuka kwa Bangladesh mu 1971. Ife amene tikudziwa kuti Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi mu 1968 n'kubwereranso mu 1994 sitingaiwerenge mbiri imeneyi ngati ya kutali. Katswiri wokonda chiyankhulo chake akagwirana chanza ndi boma, oyankhula ziyankhulo zina ndiwo amalipira. Mtunda umene udali pakati pa a Mchombo ndi Chichewa cha boma udawateteza ku mlandu umenewu, ngakhale udawatalikitsanso ndi kalasi ya ku Linga.

9. Mawu Otsiriza

Chiweruzo chathu n'chakuti ntchito ya a Mchombo ndi yolimba pa kamangidwe ka mneni, makamaka pa -dzi- ndi -an- ndi pa dongosolo la misintho. Pa kaphatikizo ka pamtherankhani ndi yoona mbali imodzi, ndipo pa umboni ndi yopapatiza. Mlandu wakuti sidafike m'sukulu si wawo okha. Iwo adachita mbali imene katswiri wokhala kunja angathe kuchita. Mbali yotsalayo idali ya ife a m'madipatimenti a kuno.

Zoyenera kuchita zilipo ndipo n'zotheka. Choyamba, pakhale galamala ya aphunzitsi yolembedwa m'Chichewa, yotenga zimene zidapezeka kuyambira 1987 ndi kuzifotokoza ndi zitsanzo za pamudzi. Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000 udasonyeza kuti Chichewa chingadzifotokoze chokha, ndipo a ku Dar es Salaam akhala akuphunzitsa sayansi ya Chiswahili m'Chiswahili kwa zaka zambiri. Chachiwiri, mayina a galamala aunikidwenso, kuyambira ndi mwininkhani ndi mgwirizanitsi. Chachitatu, tijambule ndi kusunga zoyankhula za anthu a ku Nkhotakota, Kasungu, Dedza, Ntcheu, Chikwawa, Chipata ndi Angonia, kuti lamulo lililonse liyesedwe pa milomo yambiri. Lamulo la maphunziro la mu 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo zimenezi zikuchititsa ntchitoyi kukhala yofulumira, pakuti phunziro la Chichewa ndilo malo otsala pamene mwana angaphunzire kulingalira za chiyankhulo chake m'chiyankhulo chomwecho.

Ndivomere kuti kafukufuku wanga wa udokotala nayenso ali m'Chingerezi, ndipo amayi anga, amene ziganizo zawo zili m'menemo, sangawerenge tsamba ngakhale limodzi. Polemba pepala lino ndapunthwa kangapo posowa mawu, ndipo mwina owerenga apeza mayina abwino kuposa amene ndagwiritsa ntchito. Ndikupempha kuti awatumize ku dipatimenti, kuti pepala lotsatira lidzayambire pamenepo.